Aonjezi a Chingerezi opanda -ly: mafunso ndi mayankho kwa ophunzira a ku Amaramba

Kuno ku Amaramba, m'boma la Mecanhelas, mwana amakula ndi Chinyanja, Chilomwe kapena Chiyao pakhomo, Chipwitikizi n'kukachipeza kusukulu. Chingerezi chimabwera pambuyo, koma sichichokera kutali. Chimamveka pa wailesi za ku Malawi, chimalembedwa pa mabotolo a mankhwala ndi pa katundu amene amalonda amaoloka naye kuchokera ku Machinga, ndipo aliyense wodutsa pa Entre Lagos kupita ku Nayuchi amakumana nacho. Mayiko onse asanu ndi limodzi amene anachita malire ndi Mozambique amachigwiritsa ntchito m'maofesi kapena m'masukulu, ndipo dziko lathu linalowa m'bungwe la Commonwealth mu 1995. Wachinyamata wa kuno akamachiphunzira, akudzikonzera njira.

Pali kagulu ka mawu kamene kamapunthwitsa ngakhale ophunzira akhama. Ndi aonjezi amene alibe *-ly* kumapeto. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabuka kawirikawiri nkhaniyi ikayambika m'kalasi.

Poyamba, muonjezi n'chiyani, ndipo *-ly* akulowa bwanji pa nkhaniyi?

Muonjezi ndi liwu limene limaonjezera tanthauzo pa mneni, pa mfotokozi kapena pa muonjezi mnzake. Limatiuza mmene chinthu chachitikira, nthawi yake, malo ake kapena kukula kwake. Tikanena kuti "msodzi akupalasa mofulumira", liwu lakuti "mofulumira" ndi muonjezi, chifukwa likufotokoza kapalasidwe.

M'Chingerezi, njira yodziwika yopangira muonjezi ndiyo kutenga mfotokozi n'kumuika *-ly* kumapeto. *Careful* amasanduka *carefully*, kutanthauza mosamala. *Quiet* amasanduka *quietly*, mwakachetechete. *Happy* amasanduka *happily*, mosangalala. Njirayi imagwira pa mawu ambirimbiri, ndipo mphunzitsi salakwa akayamba nayo. Vuto limabwera wophunzira akaganiza kuti muonjezi aliyense ayenera kutha ndi *-ly*. Alipo ena, ndipo ndi ena mwa mawu olankhulidwa kwambiri tsiku ndi tsiku, amene amagwira ntchito ya muonjezi osasintha chilembo ngakhale chimodzi. Akatswiri a galamala amawatcha *flat adverbs*, dzina limene John Earle wa ku England analiyambitsa mu 1871.

Ndi aonjezi ati amene sayenera kupatsidwa *-ly*?

Wotchuka kwambiri ndi *fast*. Timati *a fast train*, sitima yothamanga, ndipo timatinso *the train moves fast*, sitima ikuthamanga. Liwu ndi lomwelo, koyamba ndi mfotokozi, kachiwiri ndi muonjezi. *Fastly* mulibe m'Chingerezi cha masiku ano, ndipo wolemba mayeso akalilemba amataya malikisi.

Ena a gulu lomweli ndi awa. *Straight*: *go straight to Insaca*, pitani molunjika ku Insaca, osakhotera kwina. *Far*: *we did not paddle far*, sitinapalase kufika kutali. *Long*: *have you waited long?*, kodi mwadikira nthawi yaitali? *Low*: *the birds fly low over the lake*, mbalame zikuuluka m'munsi pamwamba pa nyanja. *Early*: *the fishermen leave early*, asodzi amalawirira. Mungaone ngati *early* ali ndi *-ly* wa muonjezi, koma liwuli limakhala momwemo kaya likhale mfotokozi kaya muonjezi.

Palinso aonjezi amene alibe mfotokozi wochokerako m'Chingerezi cha lero, monga *soon*, *often*, *here*, *there*, *now*, *never* ndi *always*. Amenewa savuta, chifukwa si ambiri amene amayesa kuwaika *-ly*.

N'chifukwa chiyani mawu ena sanalandire *-ly* pamene anzawo analandira?

Yankho lili m'mbiri ya chinenerocho. M'Chingerezi chakale, chimene chinkalankhulidwa ku England kuyambira cha m'ma 450 kufika cha m'ma 1100, muonjezi ankapangidwa poika kachilembo *-e* kumapeto kwa mfotokozi. *Heard* anali mfotokozi wotanthauza cholimba, ndipo *hearde* anali muonjezi wake. Chimodzimodzi *fæst* ndi *fæste*, komanso *læt* ndi *late*. Pa nthawiyo *-e* ameneyu ankamveka polankhula.

M'kupita kwa zaka anthu anasiya kumutchula, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1400 anali atazimiririka m'kamwa mwa olankhula. Mfotokozi ndi muonjezi anatsala ofanana: *hard* ndi *hard*, *fast* ndi *fast*, *late* ndi *late*. Pa nthawi yomweyo mathero ena, *-lice*, amene pambuyo pake anafupika kukhala *-ly*, anali kufalikira. Poti iwo ankamveka bwino m'khutu, anatenga ntchito yozindikiritsa muonjezi pa mawu ochuluka. Koma mawu aafupi amene anthu ankawatchula tsiku lililonse anakakamira mmene analili.

Aonjezi opanda *-ly* anali ambiri kale kuposa lero. Anachepa m'Chingerezi cholemba makamaka m'zaka za m'ma 1700, pamene olemba mabuku a galamala ankayeza Chingerezi ndi Chilatini, chinenero chimene chimasiyanitsa mfotokozi ndi muonjezi pa mathero awo. Robert Lowth, amene anadzakhala bishopu wa ku London, anadzudzula m'buku lake la galamala la mu 1762 mchitidwe woika mfotokozi pamalo pa muonjezi, ndipo Lindley Murray anatsatira maganizo omwewo m'buku lake la mu 1795 limene linafala kwambiri m'masukulu. Choncho mukamva munthu akuti *work hard* kapena *run fast*, sikuti wadula liwu chifukwa cha ulesi. Akugwiritsa ntchito kapangidwe kamene kakhalapo zaka zoposa 1,000.

Kodi zimenezi zimapezeka m'Chingerezi mokha?

Ayi, ndipo apa wophunzira wa kwathu kuno ali ndi mwayi, chifukwa zinenero zimene akudziwa kale zimachita zomwezo. M'Chipwitikizi *-mente* amagwira ntchito ya *-ly*: *lento* amapereka *lentamente*, *claro* amapereka *claramente*. Koma timati *falar alto*, *falar baixo*, *custar caro* ndi *trabalhar duro* popanda *-mente*, ndipo palibe mphunzitsi amene amatidzudzula. *Cedo*, *tarde*, *longe*, *perto*, *bem*, *depressa* ndi *devagar* onse ndi aonjezi opanda *-mente*.

Taonaninso *alto* ndi *altamente*. Mbalame ikauluka m'mwamba timati *voa alto*, koma pa botolo la mankhwala ophera tizilombo pamalembedwa *altamente tóxico*. Mawu awiriwa anachokera kumodzi koma ntchito zawo n'zosiyana. Ndi mmenenso zilili ndi *high* ndi *highly* m'Chingerezi.

M'Chinyanja namo aonjezi ambiri timawapanga ndi mo- kapena mwa-, monga mosamala, mofatsa, mwachangu, mwaulemu. Koma tili ndi bwino, msanga, kale, kwambiri ndi pang'ono, amene satsatira njira imeneyo, ndipo sitinayambe tawaona ngati olakwika.

Ndikaika *-ly* pamene safunika, si vuto laling'ono chabe?

Nthawi zina n'laling'ono. Wonena *fastly* amamvekabe, kungoti aliyense amadziwa kuti walakwitsa. Koma pali mawu amene mukawaika *-ly* amasanduka liwu lina lenileni, la tanthauzo lina, ndipo womvayo sadziwa kuti mwalakwitsa. Amangomva zimene simunafune kunena.

Chitsanzo choopsa kwambiri ndi *hard* ndi *hardly*. *She works hard* ndiye kuti amagwira ntchito molimbika. *She hardly works* ndiye kuti ntchito sagwira kwenikweni, amangoikhudza mwa apo ndi apo. Taganizirani munthu amene akulembera mnzake kalata yomuchitira umboni pofunsira ntchito. Pofuna kuti Chingerezi chake chioneke chaukhondo, aika *hardly* pamene pamafunika *hard*. Wamutcha waulesi munthu amene amafuna kumuyamikira, ndipo ntchito yamuphonya mnzakeyo.

Pa ulimi n'chimodzimodzi. *It rained hard* akutanthauza kuti kunagwa chimvula champhamvu. *It hardly rained* akutanthauza kuti mvula sinagwe kwenikweni, kunangowaza. Kwa mlimi wa mpunga m'madambo a m'mbali mwa nyanja, ziganizo ziwirizi zikusimba zaka ziwiri zosiyana. Kuchipatala nako, *the child is breathing hard* ndi mwana amene akupuma mwawefuwefu, pamene *the child can hardly breathe* ndi mwana amene mpweya ukumuthera, wofunika kumuthamangira nthawi yomweyo.

Dziwaninso kuti *hardly* ali kale ndi kukana mkati mwake, choncho sayenda ndi *not*. Timati *I can hardly hear you*, osati *I can't hardly hear you*. Malo ake ndi patsogolo pa mneni, pamene *hard* amabwera mneni atadutsa.

Ndi mawu ena ati amene amasintha tanthauzo chotere?

*Late* ndi *lately*. *The train arrived late at Entre Lagos*, sitima inafika mochedwa pa Entre Lagos. *I have not seen him lately*, sindinamuone masiku ano. *Lately* sakhudzana ndi kuchedwa ngakhale pang'ono.

*Near* ndi *nearly*. *Come near*, senderani pafupi. *The canoe nearly sank*, bwato linatsala pang'ono kumira.

*High* ndi *highly*. *The eagle flies high*, nkhwazi ikuuluka m'mwamba. *Highly* amatanthauza kwambiri, ndipo mudzamuona pa machenjezo monga *highly flammable*, chosachedwa kuyaka moto, ndi *highly toxic*, chapoizoni woopsa.

*Free* ndi *freely*. *Small children travel free*, ana aang'ono amakwera ulere. *You can speak freely*, lankhulani momasuka.

*Deep* ndi *deeply*. *Dig deep*, kumbani mozama, ndi nkhani ya dothi kapena madzi. *Deeply* amakonda nkhani za mumtima: *we are deeply sorry*, tikupepesa kuchokera pansi pa mtima.

*Wide* ndi *widely*. Dokotala amati *open your mouth wide*, yasamulani kwambiri. Koma *Chinyanja is widely spoken in Niassa* akutanthauza kuti Chinyanja chimalankhulidwa m'madera ambiri a Niassa.

*Close* ndi *closely*. *Stay close to the shore*, musatalikire gombe. *Listen closely*, mvetserani mwatcheru.

*Short* ndi *shortly*. *The meeting was cut short*, msonkhano unadukizidwa. *The bus will leave shortly*, basi inyamuka posachedwa.

*Sharp* ndi *sharply*. *Come at eight sharp*, mufike 8 koloko ndendende. *Prices rose sharply*, mitengo inakwera kwambiri mwadzidzidzi.

Mukayang'anitsitsa muona kuti pa ambiri mwa mawuwa, wopanda *-ly* amanena za chinthu chooneka ndi choyezeka, monga mtunda, kuya kapena nthawi, pamene wa *-ly* amanena za maganizo, kuchuluka kapena kukula kwa nkhani. Si lamulo logwira paliponse, koma limathandiza kukumbukira.

Nanga *slow* ndi *slowly*, cholondola n'chiti?

Zonse ziwiri zilipo ndipo tanthauzo ndi limodzi. Pali gulu la aonjezi amene ali ndi maonekedwe awiri otere: *slow* ndi *slowly*, *quick* ndi *quickly*, *loud* ndi *loudly*, *cheap* ndi *cheaply*, *tight* ndi *tightly*, *wrong* ndi *wrongly*. Chosiyana ndi malo amene amakhala m'chiganizo komanso mtundu wa nkhani.

Wamfupiyo amabwera mneni atadutsa, makamaka m'ziganizo zazifupi ndi polamula: *go slow*, *come quick*, *hold tight*, *you spelt it wrong*, *I bought it cheap*. Patsogolo pa mneni pamafunika *-ly*. Timati *he slowly pulled the net*, anakoka ukonde pang'onopang'ono, ndipo *he slow pulled the net* sizimveka. Timati *he was wrongly accused*, anamunamizira mlandu, komanso *keep the bottle tightly closed*, botolo likhale lotseka zolimba.

Polemba kalata ya ntchito kapena chimangirizo cha mayeso, sankhani wa *-ly* pa gulu ili. Pamenepo simungalakwe.

Ngati liwu silisintha, ndidziwa bwanji kuti apa ndi mfotokozi, apa ndi muonjezi?

Dzifunseni kuti liwulo likufotokoza chiyani. Ngati likufotokoza dzina la munthu kapena chinthu, ndi mfotokozi: *a hard job*, ntchito yovuta, *an early bus*, basi yam'mawa, *a straight road*, msewu wowongoka. Ngati likuyankha funso lakuti "wachita bwanji?" kapena "wachita liti?", ndi muonjezi: *he pedals hard*, akupalasa njinga mwamphamvu, *she woke up early*, anadzuka m'mamawa.

Chenjerani ndi aneni awa: *be*, *seem*, *become*, *look*, *feel*, *smell*, *taste* ndi *sound*. Akamanena za mmene chinthu chilili kapena mmene chikuonekera, amatsatidwa ndi mfotokozi. *The fish smells bad*, nsomba ikununkha. *The rice tastes good*, mpunga ukukoma. *You look tired*, mukuoneka otopa. Apa *bad*, *good* ndi *tired* akufotokoza nsomba, mpunga ndi munthu, choncho safuna *-ly*. Mneni yemweyo akamanena za ntchito imene munthu akuchita, muonjezi amabwerera: *she looked carefully at the scale*, anayang'anitsitsa sikelo mosamala.

Kodi *good* ndi *well* amasiyana pati?

*Good* ndi mfotokozi, ndipo muonjezi wake ndi *well*. Amasiyana ngati *bom* ndi *bem* m'Chipwitikizi, kapena "wabwino" ndi "bwino" m'Chinyanja. *He is a good player*, ndi wosewera wabwino. *He plays well*, amasewera bwino. Pa botolo la mankhwala amadzi mudzawerenga *shake well*, khutchumulani bwino. Musapange *goodly* pofuna muonjezi wa *good*.

*Well* amakhalanso mfotokozi pa nkhani ya thanzi. Munthu akakupatsani moni, *I am well* akutanthauza kuti muli bwino m'thupi.

Ndiye liwu lililonse lothera ndi *-ly* ndi muonjezi?

Ayi. *Friendly*, *lovely*, *lonely*, *silly*, *ugly*, *elderly* ndi *costly* ndi afotokozi. Timati *a friendly neighbour*, mnansi wochezeka. Pofuna kunena kuti anatilandira mwansangala sitinena *she welcomed us friendly*. Timazungulira pang'ono n'kunena *she welcomed us in a friendly way*.

*Daily*, *weekly*, *monthly* ndi *yearly* amagwira mbali zonse ziwiri ngati *early*. *A weekly market* ndi msika wa pamlungu, ndipo *they are paid weekly* ndiye kuti amalandira malipiro mlungu uliwonse.

Poyerekeza zinthu ziwiri, aonjezi amenewa amasintha bwanji?

Aonjezi a *-ly* amatenga *more* ndi *most*: *more carefully*, *most carefully*. Ambiri opanda *-ly* amatenga *-er* ndi *-est*: *faster* ndi *fastest*, *harder* ndi *hardest*, *later*, *longer*, *nearer*, *higher*. *Early* nayenso ali mbali ino: *earlier* ndi *earliest*. Ena amasinthiratu: *well* amapereka *better* ndi *best*, *badly* amapereka *worse* ndi *worst*, *far* amapereka *further* kapena *farther*.

Apa Chipwitikizi chimatikoka mwendo. Poti tinazolowera *mais depressa* ndi *mais cedo*, pakamwa pamafuna kutuluka *more fast* ndi *more early*. Ena amaphatikiza zonse n'kunena *more faster*. Cholondola ndi *a motorbike goes faster than a bicycle*, njinga yamoto imathamanga kuposa yakapalasa, ndi *come earlier tomorrow*, mawa mulawirireko.

M'mafilimu ndi pa foni timamva *drive safe* ndi *real good*. Kodi tizitengera?

Muzizimva ndi kuzizindikira, koma mudziwe malo ake. Pocheza, makamaka ku America, anthu amasiya *-ly* pa mawu ambiri kuposa mmene mabuku a sukulu amalolera: *drive safe*, *real good*, *he did good*. Otsatsa malonda nawonso amakonda kalankhulidwe kameneka chifukwa n'kachidule. Kampani ya Apple inatchuka ndi mawu akuti *Think different* kuyambira mu 1997. Amene anakagwirako ntchito ku Johannesburg amabwera ndi *now now* ndi *sharp sharp*, ndipo kuno timamva *fast fast*, kubwereza liwu monga timachitira ndi msangamsanga. Pocheza zonsezi zimamveka.

Mayeso ndi nkhani ina. Kaya mukulemba Chingerezi cha kalasi 12 kuno ku Mozambique, kaya mayeso a MSCE a bungwe la MANEB ku Malawi, ochonga amayembekezera Chingerezi cholembedwa mwadongosolo: *drive safely*, *really good*, *he did well*. Koma samalani kuti mantha a mayeso asakuchititseni kuwaza *-ly* paliponse. *Work hard*, *run fast*, *arrive late*, *go straight* ndi *aim high* n'zolondola pocheza, pa mayeso ndi m'kalata yopita kwa nduna. Mawu ena okhazikika nawonso sasinthidwa: *take it easy*, *play fair*, *fast asleep*, *wide awake*.

Njira yabwino yowaphunzirira ndi iti?

Musawaloweze paokhapaokha. Muonjezi amakhazikika m'mutu akamayenda ndi mneni wake, choncho lowezani *work hard*, *arrive late*, *hold tight*, *dig deep*, *speak freely*, *listen closely* monga mmene mawuwo amatulukira pakamwa pa olankhula.

Tengani tsamba limodzi la kope muligawe patatu. Mbali yoyamba mulembe amene salandira *-ly*, monga *fast*, *straight*, *far* ndi *long*. Yachiwiri mulembe amene amasintha tanthauzo, monga *hard* ndi *hardly*, *late* ndi *lately*, *near* ndi *nearly*. Yachitatu mulembe amene ali ndi maonekedwe awiri koma tanthauzo limodzi, monga *slow* ndi *slowly*. Mbali yachiwiriyo muipatse nthawi yambiri, chifukwa ndi imene ingakunenetseni zosemphana ndi zimene mukufuna. Pa liwu lililonse pangani chiganizo chanuchanu chonena za usodzi, za kumunda, za msika kapena za ulendo wa ku Cuamba, kenaka muchinenenso m'Chinyanja kuti muone ngati tanthauzo ndi lomwe mumafuna.

Mukamamvera nkhani za Chingerezi pa wailesi, tcherani khutu kwa aulutsi a mpira ndi a zanyengo, chifukwa mawuwa sasowa pakamwa pawo. Mukakayika, funsani mtanthauziramawu, wa pepala kapena wa pa foni. Amasonyeza ngati liwu ndi mfotokozi kapena muonjezi, ndipo amapereka chiganizo chachitsanzo.

Kwa aphunzitsi anzanga, tsiku limene mukuphunzitsa *-ly* muphunzitsenso *fast*, *hard*, *late* ndi *well*, ndipo muyambire pa *falar alto* ndi "bwino", zimene ana akuzidziwa kale. Mwana amene wauzidwa msanga kuti aonjezi ena alibe *-ly* savutika kudzachotsa *fastly* pakamwa atakula, ndipo akamalemba *hardly* amadziwa chimene akunena.